Kuyendako pang'ono ndi mwana wamng'ono kuno kuchigwa, dzuwa lisanakalipe

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, wonena nthawi yotuluka ndi mwana ndi dzuwa. Kholo la ku Blantyre likhoza kunena kuti tikadya nkhomaliro tikawongole miyendo, koma mukangotsika Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, nzeru imeneyo muisiye kumtunda komweko. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika ndi kupitirira madigiri 40, ndipo mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri thupi lake limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Ndi wamfupi, nkhope yake ili pafupi ndi nthaka imene ikutulutsa moto, ndipo ludzu likamugwira sanena, amangoyamba kuvuta.

Komabe mwana sangakhalire kumbuyo kapena pakhonde tsiku lonse. Bungwe la zaumoyo la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 onena kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri aziyendayenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 pa tsiku, pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiponso asamangike malo amodzi kupitirira ola limodzi. Pa kumangikako anawerengeraponso kuberekedwa kumsana. Ife amene timapita naye kudimba, kumjigo ndi kumsika ali m'chitenje tikudziwa mmene ola limathera osazindikira. Kaulendo ka mphindi 20 m'mawa ndi kena madzulo sikakwanitsa maola atatu aja, koma kamamupatsa zimene pabwalo losesa la pakhomo palibe: mchenga wolowa mapazi, pokwera ndi potsetsereka, mizu yoti aidumphe, ndi kutopa kwabwino kumene kumamugoneka msanga.

Mapaki okhala ndi akatungwe ndi udzu wothirira kuno ndi osowa. Lengwe ndi Majete ndi nkhalango za nyama zakuthengo, zokaona muli m'galimoto, osati koti mwana akaphunzirire kuyenda. Paki ya mwana wa kuchigwa ndi bwalo la sukulu ana akaweruka, bwalo la tchalitchi kapena la mzikiti pakati pa sabata, m'mbali mwa bwalo la mpira, kapena mzere wa mitengo ya nimu pafupi ndi nyumba. Malo abwino ndi amene mungafikeko mwana ali kumbuyo m'mphindi zisanu kapena khumi. Akakhala akutali kuposa pamenepo, mthunzi wa m'mawa umathera m'njira ndipo pobwerera mumapsa nonse awiri. Ngati ndi pasukulu kapena patchalitchi, yambani mwakaonekera kwa ahedi, abusa kapena mlonda. Amavomera, ndipo mlondayo ndi amene angakuuzeni pamene panaoneka njoka sabata yatha.

Tsiku loyamba pitani nokha, mwana mumusiye ndi agogo ake. Yendani malowo maso ali pansi. Mukufufuza mabotolo osweka, misomali, zidutswa za malata, waya, minga ya mthethe yothothoka ndi malo amene anthu amadzithandizira. Kenako fufuzani maenje. Madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anagwetsa zimbudzi zambiri m'maboma awiriwa, ndipo dzenje la chimbudzi chakugwa likakwiririka ndi matope n'kumera udzu limaoneka ngati nthaka yolimba. Pamene pali kotsetsereka kozungulira, kapena udzu wobiriwira kuposa wa m'mbali mwake, funsani eni malo kuti panali chiyani. Kumadera a nthaka ya makande ngati ku Ngabu kuli vuto lina: m'chilimwe dothi limang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana limalowa lonse, iye n'kugwa chafufumimba phazi litatsalira m'kati. Nyengo ya mvula dothi lomwelo limamatirira kunsapato mpaka mwana kulephera kunyamula mwendo. Pa makande sankhani njira yopondedwapondedwa ndi anthu, kapena malo amchenga.

Onaninso kumene mthunzi umagwera pa nthawi imene muzibwera. Mtengo umene masana umaphimba bwalo lonse, m'mawa mthunzi wake umathawira kumadzulo, mwina kugwera m'tchire kapena kuseri kwa mpanda. Nimu ndi bwemba amasunga masamba ngakhale m'chilimwe. Mlambe ndi waukulu koma nthawi yotentha kwambiri umakhala utayoyola masamba, mthunzi wake ndi wa thunthu lokha, ndipo m'mphako mwake mumakonda kukhala njuchi.

Nthawi yake nayi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko. Tulukani pakati pa 5:30 ndi 6 koloko, ndipo pofika 7:30 mukhale mutabwerera. Madzulo musapusitsidwe ndi dzuwa lopendeka: mchenga umasunga kutentha, ndipo 4 koloko umakhala ukuotchabe. Dikirani mpaka 5 koloko, mubwereko kusanade chifukwa udzudzu umayamba kuluma dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko. M'miyezi ya Juni ndi Julayi zinthu zimapepuka. Mukhoza kutuluka 7 kapena 8 koloko, mwana atavala kajuzi, ndipo madzulo kumada msanga, cha m'ma 5:30 mdima umayamba kugwa. Masiku amene mwera ukuulutsa fumbi, kapena kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo utsi ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa zikugwera kumudzi, mwana wa chifuwa kapena mphumu asatuluke.

Musanamutsitse pansi, yesani nthaka. Vulani nsapato yanu mupondepo, kapena ikani kuseri kwa dzanja, muwerenge mpaka khumi. Mukalephera kufika khumi, phazi la mwana lipsa, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala, ndipo mwana wamng'ono akapsa sathawa. Amaima pomwepo n'kumalira, matuza n'kumatuluka. Chitani chimodzimodzi ndi chitsulo chilichonse chimene angagwire, kaya ndi chipata, chogwirira cha mjigo kapena mapolo a bwalo la mpira, ngakhalenso simenti ya pakhonde la kalasi.

Pa nsapato anthu amasiyana maganizo. Agogo ambiri amati mwana aziyenda wopanda nsapato kuti mapazi alimbe, ndipo pakhomo posesa bwino akunena zoona, mwana amaphunzira kuponda bwino phazi likamagunda pansi. Koma pabwalo la anthu onse nkhani ndi ina. Njoka zam'mimba zina zimalowera pakhungu la kuphazi mwana akaponda dothi lonyowa limene munthu anadzithandizirapo, ndipo zimamumwa magazi pang'onopang'ono. Palinso matekenya m'fumbi la pafupi ndi makola, ndi minga. Nsapato yoyenera ndi yopepuka, yoti mukaipinda ndi dzanja limodzi ipindike, yokhala ndi lamba wa kuchidendene, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chanu chimodzi. Masilipasi amavuka, mwana amapinda zala kuti awagwire, ndiye amapunthwa. Nsapato yaikulu yogulira kuti akulire momwemo ndiyo imagwetsa ana kuposa miyala. M'mawa uliwonse igwedezeni chozondotsa musanamuveke, chifukwa chinkhanira chimakonda kugona m'menemo.

Zovala zikhale zopepuka ndi zowala, kamalaya kophimba mapewa ndi chipewa cha mlomo wozungulira. Thewera la pulasitiki likanyowa pa kutentha kuno limasupula m'mphechepeche, choncho m'sintheni musanatuluke. Mwana wachialubino amafunika manja aatali, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu ngakhale m'mawa. Za mafutawo kafunseni kuchipatala.

Katundu asachuluke, manja anu onse awiri akufunika. Botolo la theka la lita la madzi owiritsa kapena othira kulolini, kakapu kake, chitenje china chapadera, kachidutswa ka sopo, ndi nthochi kapena mbatata yophika. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere ndipo ana ena amawakana, ndiye musadalire kuti mukamwetsa komweko. M'mwetseni musananyamuke, ndipo muli uko m'patseni pang'ono mphindi 10 kapena 15 zilizonse osadikira kuti apemphe. Woyamwa ayamwe nthawi iliyonse akafuna. Mafirizesi ndi zakumwa za shuga amazikonda, koma simudziwa madzi amene anapangira, ndipo akazolowera ulendo wonse umasanduka kulirira za pamsika.

Tsopano kuyenda kwenikweniko, kumene akuluakulu ambiri amalakwitsa. Munthu wamkulu akamati tikuyenda amaganiza zofika penapake. Mwana alibe kumene akupita. Wongoyamba kumene kuyenda amatha mphindi khumi pa mtunda wosakwana theka la bwalo la mpira: masitepe asanu, wakhala pansi, watola kamwala, wakupatsani, waufunanso, waona bongololo, wabwerera kumene mwachokera. Ulendo wake ndi umenewo. Mukamukoka kuti afike pamtengo umene inu mwasankha, amalira, mumamubereka, ndipo mwabwerako iye asanayende n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mwana wa chaka ndi theka mphindi 15 kapena 20 ali pansi n'zokwanira, mtunda wake mamita 100 kapena 200 basi. Woyandikira zaka zitatu akhoza kuzungulira bwalo la mpira kamodzi kapena kawiri ndi kukhala kunja theka la ola kapena kupitirirapo pang'ono. Malo omwewo tsiku ndi tsiku samutopetsa. Amakondwa kupeza chitsa chomwe chija ndi mbuzi zomwe zija, ndipo inu mumaona kusintha kwake: muzu umene sabata yatha ankaukwawira, lero waudumpha.

Muziyankhula naye. Tchulani zimene akuona, "taona ng'ombe", "uwu ndi mtengo wa masau", "ili ndi tsamba louma, tamva kulira kwake", kaya m'Chichewa, m'Chisena kapena zonse ziwiri. Foni ikhale m'thumba. Mwana wa msinkhu uwu amafika pangozi pa nthawi imene mukuwerenga uthenga umodzi wa pa WhatsApp.

Kagwiridwe ka mkono kali ndi ngozi yake imene ambiri saidziwa. Kwa ana osakwana zaka zisanu, kafupa ka pachigongono kamaguluka mosavuta mukamukoka dzanja mwamphamvu, mukamunyamula ndi mkono umodzi podumphitsa ngalande, kapena anthu awiri mukamamuzunguza lendelende aliyense atagwira dzanja. Mwana amalira kamodzi, kenako mkonowo amangoulekerera m'mbali wopindika pang'ono, sakufuna kugwirira kanthu, koma osatupa. Musauwongole nokha, musauthowe. Pitani naye kuchipatala, amaubwezera m'malo mwake mosavuta. Pomunyamula gwirani m'khwapa monse muwiri. Poyenda m'patseni chala chanu agwire yekha, kupatula pafupi ndi msewu, pamene inu muyenera kugwira pamkono pake ndipo inuyo mukhale mbali ya msewu. Njinga za kabaza sizimveka zikamabwera, zamoto zimadutsa ngakhale m'tinjira ta m'mudzi, ndipo ngolo ya ng'ombe siima msanga. Msewu wa M1, ndi malole ake, mwana aziwoloka ali kumbuyo nthawi zonse.

Chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Zambiri n'zosaopsa, koma zingapo muzidziwe. Nyengo ya masau, miyezi yozizira ija, pansi pamakhala mbwee zipatso, ndipo nthangala ya sau ndi yokwanira ndendende kutseka kholingo la mwana. Chimodzimodzi nthangala za bwemba ndi za malambe, mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba. Ngati mukufuna alawe masau, chotsani nthangala nokha, ndipo adye atakhala pansi, osati akuyenda. Akatsamwa koma akutsokomola, musiyeni atsokomole. Akalephera kutsokomola, kulira kapena kupuma, muweramitseni pabondo panu mutu uli pansi, mum'menye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Chikapanda kutuluka, gwadani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, mukanikize m'kati chokweza kasanu, n'kubwereranso kumsana. Osapisa chala kukamwa kufufuza chimene simukuchiona, mumangochikankhira m'kati.

Nsatsi ndi zokongola, zamawangamawanga, ndipo mwana akazitafuna ndi poizoni. Musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala mutatenga nthangala ina yoti akaione. Nkhadze, imene ambiri anabzala ngati mpanda, ili ndi utomoni woyera umene ukalowa m'diso umaotcha kwambiri. Ena amathamangira kufinyira mkaka wa m'mawere, koma chimene chimachotsa utomoniwo ndi madzi oyera ambiri, othira mosalekeza mphindi 15 kapena 20 diso lili lotsegula, kenako kuchipatala. Chitedze chikauma m'tchire la m'mbali mwa mitsinje, mphepo yokha imatha kuulutsa ubweya wake, choncho m'tchire louma musamulowetse. Musamulole kutembenuza miyala, njerwa zounjika kapena makungwa. Chinkhanira chikaluma mwana wamng'ono chonchi, pitani kuchipatala ngakhale akuoneka ngati watonthola. Njoka ikaluma, ndipo mphiri sithawa munthu ikamaothera dzuwa m'njira, musacheke, musayamwe, musamange chingwe. M'berekeni kuti asayende, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo nyamukani nthawi yomweyo.

Madzi ndiwo oopsa kuposa zonsezi. Mwana wa msinkhu uwu mutu wake ndi wolemera, akagwa chafufumimba m'madzi ofika m'kakolo mwanu amalephera kudzuka, ndipo sakuwa. Ngalande za mthirira, kuphatikizapo yaikulu yochokera ku Kapichira, maenje oumbira njerwa amene mvula yadzaza, zitsime za m'dimba zopanda chotchingira, ngakhale chithaphwi cha kumapeto kwa mjigo, zonsezi zikhale kunja kwa njira yanu. M'mphepete mwa Shire, Ruo ndi madambo a Elephant Marsh si koyendako ndi mwana ngakhale mutamugwira dzanja, ng'ona imagwira pagombe penipeni. Madzi odikha a m'ngalande ndi m'madambo alinso ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kungoviika mapazi n'kokwanira kuti alitenge. Mwana akayamba kukodza magazi musati ndi kutentha, kayezetseni.

Ng'ombe zikamatuluka m'khola m'mawa kapena kubwerera madzulo zimadzaza njira yonse, ndipo nthawi yake ndi yomweyo yanu yoyenda. Mukamva abusa akuimba likhweru, nyamulani mwana muime kuseri kwa mtengo. Mbuzi yoyamwitsa imagunda. Galu wosamudziwa asamugwire ngakhale akugwedeza mchira. Akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda mphindi 15 zathunthu, mupite kuchipatala tsiku lomwelo kukanena za chiwewe. Osadikira kuona ngati galuyo apenga, chifukwa chiwewe chikaonekera mwa munthu sichichizika.

Mwana wanu si ntchito ya mchemwali wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ana okulirapo amathandiza, amamuseweretsa bwino kuposa ife, koma mpira ukadutsa amamuiwala. Pakhale munthu wamkulu mmodzi amene akudziwa kuti maso ndi ake. Amayi awiri kapena atatu mukapita limodzi, nenani poyera kuti ndani akuyang'ana ana panopa, chifukwa macheza akakoma aliyense amaganiza kuti mnzake akuona.

Bwererani mwana asanatope. Zizindikiro zake ndi kupunthwa pafupipafupi, kukhala pansi osatola kanthu, kutikita maso ndi kukweza manja kuti mumunyamule. Muuzeni pasadakhale, "tikafika pamtengo uwo tizipita kwa agogo", ndipo muchitedi zimenezo. Akadzigwetsa pansi n'kumalira, musakangane naye padzuwa ndipo musamuopseze ndi galu kapena jakisoni. M'berekeni, amatonthola m'njira. Mukafika, m'sambitseni m'manja ndi sopo asanadye, muone pansi pa mapazi ndi pakati pa zala ngati mulibe munga kapena kadontho kakuda ka tekenya. Akagwa n'kusupuka bondo, madzi oyera ndi sopo n'zokwanira. Dothi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano pabala ayi.

Kutentha kukamulowa, mwana amafiira kapena kutuwa, milomo imauma, amalira popanda misozi, maso amalowa m'kati, ndipo thewera limakhala louma kwa maola ambiri. Mupititseni pamthunzi, m'vuleni, m'pukuteni ndi chitenje chonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche uku mukumukupiza, ndipo m'mwetseni pang'onopang'ono. Ngati muli ndi Thanzi ORS, paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi poganiza kuti ikhala yamphamvu. Akafooka kwambiri, akamakana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akamavuta kudzutsa kapena akakomoka, musamumwetse mokakamiza, thamangani naye kuchipatala mukumuziziritsa m'njira.

Apa pali msampha umene wagwira makolo ambiri kuno. Mwana akatentha thupi madzulo a tsiku limene munayenda, n'zosavuta kunena kuti ndi dzuwa lija. Kuchigwa kuno malungo alipo chaka chonse, ndipo kutentha thupi kulikonse kwa mwana wosakwana zaka zisanu kumafunika kuyezetsa magazi tsiku lomwelo, kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma 11 amene katemera wa malungo anayambira mu 2019. Amabayidwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayiyo ndi amene amaiwalika chifukwa pofika pamenepo mwana akuthamanga kale ndipo amayi ambiri asiya kupita kusikelo. Tsegulani buku lake lakuchipatala muone. Katemerayo salowa m'malo mwa masikito, mwana azigonabe m'masikito usiku uliwonse. Kusikelo komweko ndi kumene amalandira mankhwala a njoka zam'mimba ndi vitamini A, zofunika kwa mwana amene tsopano akusewera m'dothi.

Mukapita kusikeloko nenaninso zimene mwaona poyenda naye. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 9 ndi 18, ndipo poyamba amayenda atatangadza miyendo, manja ali m'mwamba, n'kumagwa kawirikawiri. Zimenezo n'zabwinobwino. Koma mwana amene wakwana miyezi 18 asanayambe kuyenda yekha, amene amatsimphina kapena kukoka mwendo umodzi, amene amayendera zala zokhazokha nthawi zonse, kapena amene ankayenda n'kusiya, akaonedwe ndi adokotala. Chimodzimodzi amene amapuma movutikira atayenda pang'ono, kapena amene m'manja ndi m'kati mwa zikope mwayera, chifukwa kumeneko kungakhale kuchepa kwa magazi.